Kompyuta payokha sifupikitsa mzere: phunziro la ku Ford

Ophunzira anga, mukukumbukira tsiku lija tinalumikiza mababu atatu mondondozana mu labu? Limodzi litapsa, onse anazima. Ndipo tisanagwire waya, tinayamba tajambula circuit diagram yosonyeza pamene pali batire, switchi ndi babu lililonse. Nzeru yomweyo imagwiranso ntchito m'makampani akuluakulu.

Kampani nayo imafunika chojambula chake. Akatswiri amachitcha enterprise architecture, ndipo mmodzi mwa amene anayala maziko ake ndi John Zachman wa ku IBM, mu 1987. Ndondomeko yotchuka ya TOGAF imagawa chojambulachi panayi: ntchito zimene kampani imachita, deta imene imasunga, mapulogalamu a pa kompyuta, komanso makina ndi netiweki.

Nanga business process management, kapena kuti BPM, n'chiyani? Ndi kulondola ntchito imodzi kuyambira pamene yayambira mpaka pamene yathera, kuyeza nthawi imene ikutenga, kupeza pamene ikuchedwa, kukonza, kenako kuyezanso. Chojambula chija chimakuuzani zida zimene zilipo ndi mmene zalumikizirana. BPM ili ngati ammeter, imakuuzani ngati magetsi akuyendadi.

Tione zimene zinachitika ku Ford, kampani ya magalimoto ya ku America, monga anafotokozera Michael Hammer mu 1990. Ofesi yolipira ogulitsa katundu inali ndi anthu oposa 500. Mabwana ankaganiza kuti akaika makompyuta atsopano, anthu 400 adzakwanira. Koma atakaona ku Mazda, ku Japan, anapeza anthu 5 okha pa ntchito yomweyo! Inde Mazda inali yocheperapo, komabe ataganizira zimenezo anaona kuti ofesi yawo inali yaikulu kasanu kuposa mmene inayenera kukhalira.

Vuto linali pati? Kalaliki asanalipire, ankadikira mapepala atatu: la oda, losonyeza kuti katundu wafika, ndi invoisi ya wogulitsa. Ankafananiza zinthu 14 pa mapepalawo. Chimodzi chikasiyana, basi ndalama zaima, anthu n'kutha masiku akufufuza. Ndi mababu athu aja, limodzi likapsa onse azima.

Ford inasintha njira yonse. Wogula ankalowetsa oda mu database imodzi. Katundu akafika, wolandira ankayang'ana pa kompyuta ngati akugwirizana ndi odayo pa zinthu 3 zokha. Zikagwirizana, kompyuta inkakonza cheke. Invoisi inathetsedwa, ndipo chiwerengero cha ogwira ntchito mu ofesiyo chinatsika ndi 75 peresenti.

Apa ndi pamene ziwirizi zimakumana. Njira yatsopanoyo sikanatheka popanda database imene maofesi onse akuiona, ndipo imeneyo ndi nkhani ya chojambula. Nayonso database sikanathandiza kwenikweni akanapitiriza kudikira mapepala atatu aja. Musaiwalenso kuti kuseri kwa 75 peresenti kuli anthu enieni amene ntchito yawo inatha kapena inasintha. Wokonza njira ayenera kuganizira zimenezonso.

Ntchito yanu sabata ino ndi iyi: jambulani masitepe onse a kubwereka buku mu laibulale ya pasukulu panu. Pa sitepe iliyonse lembani amene akuchita, chimene akulemba, ndi mphindi zimene zikupita. Kenako dzifunseni: ndi sitepe iti imene ingachotsedwe popanda buku kusowa? Mubwere nazo Lolemba, tidzakambirane.