Shuga wa Amayi Oyembekezera: Kodi ndi wa Kumtundu?

Amayi anzanga, tikamalangiza mwana wathu amene waima, timamuuza za chakudya ndi za nsalu zokonzekera. Koma kodi timamuuza matenda a kumtundu kwathu?

Mayi akakhala ndi pakati, nsengwa imatulutsa mahomoni amene amafooketsa insulini, yomwe ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi n'kumulowetsa m'minofu. Kwa amayi ambiri kapamba amangowonjezera insulini, basi zonse zili bwino. Kwa ena amalephera, ndipo shuga amakwera ngakhale mayiyo sanadwalepo.

Nanga bwanji uyu osati uyo? Mbali ina ndi kunenepa ndi msinkhu. Mbali ina ndi majini. Musadzidzimuke, sindikunena mizimu ayi! Awa ndi malangizo a m'thupi amene timatengera kwa bambo ndi mayi. Mu 2006 akatswiri a ku Iceland anapeza kuti kusiyana pang'ono m'jini yotchedwa TCF7L2 kumawonjezera ngozi ya shuga wa akuluakulu. Pambuyo pake zinaoneka kuti jini yomweyo, pamodzi ndi ina yotchedwa MTNR1B, imakhudzanso shuga wa pa mimba. Palibe jini imodzi yogamula. Iliyonse imangokankha pang'ono. N'chifukwa chake mayi woonda angapezeke naye, pomwe m'bale wake wa bere limodzi alibe. Kafukufuku wambiri anachitika pa azungu ndi anthu a ku Asia, ife a mu Africa tinawerengedwa ochepa.

Kuno ku Livingstone, kaya mumapita kusikelo ku Maramba, ku Libuyu kapena ku Dambwa, musayembekezere kuti akupimani majini. Chimene muli nacho m'manja ndi mbiri ya banja. Funsani amayi anu, azakhali, ndi akuchimuna komwe: ndani ali ndi shuga? Ndani anabala mwana wopitirira makilogalamu 4? Timakonda kululutira mwana wamkulu chotero, koma nthawi zina chamukulitsa ndi shuga wa mayi, ndipo amavuta pobadwa.

Mukamva kuti alipo, auzeni anamwino pa ulendo woyamba, ndipo pemphani kupimidwa magazi. Nthawi yake makamaka ndi pakati pa masabata 24 ndi 28. Osadalira zizindikiro, pakuti ludzu ndi kukodza pafupipafupi aliyense woyembekezera amazidziwa. Akamupeza, kuchepetsa nsima ndi zakumwa zotsekemera, kuchulutsa ndiwo zamasamba ndi kuyenda kumathandiza. Ena amapatsidwa mankhwala.

Mukachira, shugayo kawirikawiri amatsika, koma angabwerenso m'zaka za mtsogolo. Kapimitseninso mwana akakwanitsa masabata 6 mpaka 12, ndipo mwana wanu wamkazi akadzakula mudzamuuze.