CHITHUNZI CHA X-RAY NDI MATENDA A M'MAFUPA

Mwana akatentha thupi, mwendo n'kutupa, iye n'kumakana kuponda pansi ngakhale sanagwe, makolo ambiri amayesa malungo kapena kubinya. Komatu nthawi zina nthendayo imakhala mkati mwa fupa. Tizirombo totchedwa Staphylococcus aureus, tomwe timayambitsanso zithupsa pakhungu, timayenda ndi magazi ndi kukakhazikika kumapeto kwa mafupa aatali, makamaka pafupi ndi bondo. Tikakhazikika m'mnofu wa ntchafu timapanga chithupsa chakuya chosaonekera kunja. Pofuna kuona zobisikazi, madokotala amagwiritsa ntchito makina a mitundu itatu.

Oyamba ndi a X-ray, kuwala kumene Wilhelm Röntgen anatulukira ku Germany mu 1895. Makinawa amaonetsa mafupa bwino lomwe, koma amachedwa kuonetsa nthendayi. Fupa limaoneka lodwala pachithunzi likadyeka kale, ndipo izi zimatenga masiku 10 mpaka 14. Motero chithunzi chojambulidwa sabata loyamba chikhoza kuoneka chabwino pamene tizirombo tili mkati.

Achiwiri ndi sikani, yomwe amaunikira amayi oyembekezera. Iyo imaonetsa msanga mafinya amene asonkhana m'mnofu kapena pansi pa kachikopa kokuta fupa, ndipo imalozera dokotala pobaya kuti awatulutse.

Achitatu ndi MRI, makina a maginito amene amaona ngakhale mafuta a m'fupa nthenda itangoyamba. Oyamba m'Malawi anafika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, koma makina otere sapezeka m'zipatala za kumidzi.

Chifukwa cha ichi, dokotala sadikira chithunzi. Akapima mwana ndi kukayikira nthendayi, amayamba mankhwala opha tizirombo tsiku lomwelo, ndipo makolo asadabwe akauzidwa kuti mwana agonekedwe ngakhale X-ray sinaonetse kanthu. Mankhwalawa amaperekedwa kwa milungu ingapo, ndipo ayenera kutsirizidwa ngakhale ululu utatha.

Kuchedwa kuli ndi zotsatira zowawa. Mafinya amatseka njira za magazi, mbali ina ya fupa imafa, ndipo pakhungu pamabooka chilonda chotuluka mafinya kwa zaka zambiri, chimene sichipola kufikira fupa lakufalo litachotsedwa pa opaleshoni. Kutema mphini pachotupa kumangowonjezera tizirombo.

Mwana wotentha thupi amene akukana kuyenda apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akauzidwa kuti adzajambulidwenso pakatha milungu iwiri, makolo asaphonye tsikulo.