Kodi nsalu imacokera kuti?

Werengani phunziro ili ndi aphunzitsi. Kunyumba muliwerengenso ndi makolo.

1. Funso la mwana

Ndi mwezi wa Juni. Ku Chidzolomondo kukuzizira. Agogo akuotha moto. Afunda kapulana yofiira. Mdzukulu wawo wafika kucokera kusukulu. Iye ndi mtsikana wa kalasi yoyamba.

– Agogo, kodi nsalu imacokera kuti?

– Iwe ukuganiza kuti imacokera kuti, mdzukulu wanga?

– Imacokera kusitolo, ku Furancungo.

Agogo aseka.

– Sitolo sibala nsalu, mwanawe. Sitolo imangogulitsa. Nsalu ya makolo inkacokera ku mtengo ndi ku munda. Ina imacokera ku mbozi. Khala apa umve.

2. Nsalu ya mtengo

Kalekale anthu a kuno ankavala ciwondo. Ena amati nyanda. Ciwondo ndi nsalu ya khungwa la mtengo. Mtengo umodzi wabwino ndi mombo.

Bambo ankasenda khungwa. Ankapala kunja kwake. Ankaliviika m'madzi. Kenaka ankaliika pacipika ndi kulimenya ndi cibonga. Ankamenya, ankamenya, mpaka khungwa lifewe ndi kutambasuka. Likauma, munthu ankavala. Usiku ankafunda.

Ciwondo cilibe ulusi. Saomba ai, amangomenya.

Luso limeneli linathandiza anthu pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992. Nsalu zinasowa m'midzi yambiri. Anthu ena anabwerera ku makungwa a mitengo. Amene ankadziwa kupanga ciwondo anaveka ana awo.

3. Nsalu ya thonje

Thonje limakonda malo otentha. Kumapiri a ku Tsangano ndi ku Macanga kumazizira. Koma kumunsi, m'cigwa ca mtsinje wa Zambezi, kumatentha. Kumeneko anthu ankalima thonje kuyambira kale.

Ankathyola thonje. Ankacotsa njere. Ankapota ulusi ndi kamtengo kozungulira. Ulusi ukaculuka, ankakhoma zikhomo pansi. Ankamanga ulusi wautali pakati pa zikhomo. Ulusi wina unkadutsa copingasa: pamwamba, pansi, pamwamba, pansi. Uku ndiko kuomba nsalu.

Dzina la nsalu imeneyi linali macira. Inali yoyera, yokhuthala, yolimba. Apwitikizi anafika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500. Iwo anapeza anthu akuomba kale macira. Amalonda ankanyamula macira kupita nawo kutali, kukasinthanitsa ndi golide. Mu 1859 David Livingstone anayenda m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Nayenso anaona Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuomba nsalu.

4. Nsalu ya Amwenye

Kum'mawa kwa Mozambique kuli nyanja yaikulu ya mcere. Kutsidya kwa nyanja imeneyi kuli dziko la India. Anthu ake ndi Amwenye. Iwonso ndi akatswiri oomba nsalu.

Zombo zinkabweretsa nsalu za thonje kucokera ku Gujarat, cigawo ca ku India. Mu 1686 amalonda a mzinda wa Diu analandira cilolezo cocita malonda pa cilumba ca Ilha de Moçambique. Nsalu zawo zinkakwera ndi mtsinje wa Zambezi mpaka ku Tete. Anthu ankazigula ndi minyanga ya njovu.

Amayi a kuno amavala kapulana, kapena kuti citenje. Amayi ambiri a ku India amavala sari. Sari ndi nsalu imodzi yaitali. Saidula, saisoka. Mayi amaikulunga m'ciuno, ndipo mbali yotsala amaiponya paphewa. Kapulana imodzi imatalika pafupifupi mamita 2. Sari zambiri zimatalika mamita 5 kapena 6.

Sari zina ndi za thonje. Pali nsalu ya thonje imene amati khadi. Ulusi wake amapota ndi manja. Nsaluyo amaombanso ndi manja, monga ankacitira makolo ndi macira.

5. Ulusi wa mbozi

Sari zina ndi za silika. Silika ndi ulusi wosalala, wonyezimira. Sumera m'munda. Umacokera ku mbozi.

Mbozi imadya masamba. Ikakula, imatulutsa ulusi kukamwa kwake. Imadzikulunga mu ulusiwo. Kanyumba kameneka ndi cikwa. Anthu amaika zikwa m'madzi otentha kuti zifewe. Kenaka amamasula ulusi pang'onopang'ono. Ulusi wa cikwa cimodzi ungapitirire mamita 500. Ndi woonda kuposa tsitsi.

Ku India kuli mitundu 4 ya silika.

Woyamba ndi wa mbozi zodya masamba a mabulosi. Uwu ndiwo woculuka. Oomba a mzinda wa Varanasi ndi a mzinda wa Kanchipuram amapanga nawo sari za ukwati. Amaikamo ndi ulusi wowala ngati golide.

Waciwiri ndi tussar. Mbozi zake zimakhala m'mitengo ya m'nkhalango. Ulusi wake umaoneka ngati uci.

Wacitatu ndi muga. Umapezeka ku Assam. Umawala ngati golide popanda kuunyika mu utoto.

Wacinayi ndi eri. Mbozi zake zimadya masamba a nsatsi. Nsalu yake ndi yofewa, yofunda.

Ku Patan, ku Gujarat, kuli sari ya silika imene amati patola. Oomba amayamba anyika ulusi mu utoto, asanaombe. Akamaomba, maluwa ndi njovu zimaoneka zokha pansalu. Sari imodzi imatenga miyezi yambiri.

6. Nsalu za lero

Mdzukulu agwira kapulana ya agogo.

– Agogo, nanga iyi anaomba ndani?

– Iyi anaomba ndi makina, kufakitale. Makina amafulumira. Nsalu zake ndi zosakwera mtengo. N'cifukwa cake anthu analeka kuomba macira.

– Nanga Amwenye analekanso?

– Makina ali nawo. Koma ambiri sanaleke kuomba ndi manja. Mwana amakhala pafupi ndi bambo ake, amaona, amaphunzira. Luso likasowa wophunzira, limapita kumanda ndi mwini wake.

Mdzukulu akhala cete. Kenaka ati:

– Agogo, mawa mukandionetse mtengo wa mombo.

– Ndikakuonetsa. Ubwere ndi anzako.

Mawu atsopano

ciwondo: nsalu ya khungwa la mtengo
macira: nsalu ya thonje yoomba ndi manja
sari: nsalu yaitali ya amayi a ku India
silika: ulusi wocokera ku mbozi
cikwa: kanyumba ka ulusi ka mbozi

Mafunso

1. Ciwondo cimacokera ku mtengo wanji?
2. N'cifukwa ciyani thonje limakula bwino m'cigwa ca Zambezi?
3. Kodi macira ankapanga ndi ciyani?
4. Ndi mbozi ziti zimadya masamba a nsatsi?
5. Kapulana imodzi ndi mamita 2. Sari ina ndi mamita 6. Sariyo ikufanana ndi makapulana angati?

Nchito ya m'kalasi

Tengani luzi kapena masamba a nthoci ouma. Yalani tizingwe 5 pansi. Dutsitsani kacingwe kena: pamwamba, pansi, pamwamba, pansi. Bwerezani. Mwaomba kansalu kanu.

Jambulani mbozi, cikwa ndi tsamba la mabulosi.

Nchito ya kunyumba

Funsani agogo kapena wamkulu wina wa m'mudzi: Kodi munaonapo ciwondo? Ankapanga ndani? Mawa mudzauze anzanu zimene mwamva.

Kwa makolo

Thandizani mwana kuwerenga mokweza. Muonetseni mombo, nsatsi ndi mabulosi. Ngati mukudziwa kupota ulusi, kuluka mphasa kapena kupanga ciwondo, bwerani kusukulu mudzaonetse ana. Posenda khungwa musazungulize mtengo wonse, cifukwa umauma.

Zovala zina za lero ndi za nayiloni. Nayiloni sacokera ku mbewu kapena ku mbozi. Amapangidwa kufakitale. Nsalu iliyonse imapsa, koma nayiloni amasungunuka ndi kumata pakhungu. Nthawi yozizira, mwana akamaotha moto, asayandikire kwambiri.