Sitiroko Ikagwira Wachinyamata, Unikani Mtima

Inu amene mwangoyamba ntchito m'zipatala, tsiku lina adzakubweretserani mayi wa zaka 25 pamachira, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka, mawu osamveka. Musamangire nkhani pa BP yokha. Kwa agogo, inde, kuthamanga kwa magazi ndiko kumayambitsa sitiroko kwambiri. Koma mtsikana amene BP yake ili bwinobwino, dzifunseni kuti magazi oundana amene atseka mtsempha wa mu ubongowo achokera kuti. Gwero lake limatha kukhala mtima. Achibale panja pa wodi adzakhala atayamba kale kunong'onezana za ufiti; inu khalani pansi, mugwire dzanja la wodwalayo.

Zala zanu zikamva mtima ukugunda mosalongosoka, pena kuthamanga, pena kudumpha, ganizirani atrial fibrillation ndipo mujambule ECG. Kenako mugonekeni chakumanzere, muike stethoscope pansi pa bere, mumvetsere valavu ya mitral. Eko, yomwe ndi sikani ya mtima, imabwera kudzatsimikiza zimene manja ndi makutu zakayikira kale.

Kuno kwathu vuto lalikulu limayambira pakhosi. Mwana akadwala zilonda zapakhosi za streptococcus osalandira penisilini, chitetezo cha thupi chimatha kuukira mavalavu ake omwe. Pakapita zaka, valavu ya mitral imauma, khomo lake n'kuchepa. Chipinda chapamwamba chakumanzere chimatukumuka, magazi amazengereza m'menemo ngati madzi a padambo, mpaka kuundana. Kachidutswa kakangothothoka, kamatha kukafika ku ubongo. Mukaika kachipangizo ka eko pakati pa nthiti, pafupi ndi fupa la pachifuwa, mudzaiona valavuyo: nsonga zake zokhuthala, ikuyesa kutseguka koma ikungopindika. Musathamangire kuzimitsa makina mukaona zimenezi. Yang'ananinso chipinda chapansi chakumanzere, makamaka kwa mayi amene wangobereka ndipo akubanika. Mtima wa mayi wotere ukafooka umatha kubisa magazi oundana kunsonga kwake. Ngati wodwala watentha thupi kwa masabata, fufuzani tinthu tolendewera pa valavu, chizindikiro cha endocarditis.

Apa ndi pamene ambiri ongoyamba ntchito amapunthwa. Eko ya pachifuwa siiona bwino kathumba ka pambali pa chipinda chapamwamba chija, komwe magazi amakonda kuundana. Kathumbako kamaoneka bwino ndi eko yolowetsa kum'mero, ndipo si chipatala chilichonse chili nayo. Choncho mukapanda kuona kanthu, lembani kuti simunaone, osati kuti mulibe. Valavu yothina pamodzi ndi mtima wogunda mosalongosoka ndi umboni wokwanira woti gwero ndi mtima.

Palinso kabowo kotchedwa PFO, pakati pa zipinda ziwiri zapamwamba. Munthu mmodzi mwa anayi ali nako ndipo ambiri amakalamba nako osadziwa. Musafulumire kukaloza chala musanathe kufufuza zina.

Chimene ndikulimbikira chonchi n'chakuti zimene mwapeza zimasintha mankhwala. Wa valavu yothina ndi atrial fibrillation asipirini samukwanira. Amafunika warfarin, INR yake ikhale pakati pa 2 ndi 3. Kafukufuku wa INVICTUS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anasonyeza kuti kwa odwala otere mankhwala a mtundu wa warfarin amaposa rivaroxaban, ngakhale rivaroxaban ndi wosavutitsa kumwa. Koma musayambe warfarin CT sikani ya mutu isanasonyeze kuti mtsempha sunaphulike, ndipo sitiroko ikakhala yaikulu mudikire masiku. Wa endocarditis amafunika maantibayotiki a mumtsempha kwa masabata angapo. Warfarin akhoza kumuchititsa kukha magazi mu ubongo.

Mayi wa zaka 25 uja mukambirane naye za kulera, mwamuna wake alipo ngati iye wavomera, chifukwa warfarin amawononga mwana m'mimba, ndipo mimba payokha imalemetsa mtima wa valavu yothina. Mukumbukirenso jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi. Zonsezi muzilembe momveka m'buku lake la kuchipatala, pamodzi ndi zimene eko yasonyeza ndi tsiku loyezanso INR, chifukwa amene adzamuone kuchipatala chaching'ono cha kwawo alibe makina amene inu mwagwiritsa ntchito.