Phunziro: Kuyamba ntchito ya unamwino uli woyembekezera

Achinyamata anzathu, tiyerekeze kuti mtsikana wa m'kalabu yanu wamaliza maphunziro a unamwino ndipo walembedwa ntchito. Sabata yachiwiri pa ntchito, akuzindikira kuti ali ndi pakati. Akuopa kuchotsedwa ntchito, choncho akuganiza zobisa. Kodi mungamulangize zotani?

Kubisa kuli ndi mavuto ake

Wobisa mimba amachedwa kuyamba sikelo, ndiponso amachedwa kuyezetsa magazi. Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV akapanda kulandira mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa ana 100 alionse amatha kutenga kachilomboka ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Mayi akamamwa ma ARV mwandondomeko, chiwerengerochi chimatsika kufika pa ana osakwana 5. N'chifukwa chake m'chaka cha 2011 dziko la Malawi linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi onse oyembekezera opezeka ndi kachilomboka.

Lamulo likumuteteza

Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu.

Zoyenera kuchita

1. Ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, ndipo akayezetse magazi pamodzi ndi mwini mimbayo.
2. Auze mkulu wa anamwino msanga kuti agwirizane za ntchito ya usiku, kunyamula odwala ndi kugwira m'chipinda cha odwala TB. Zotsatira za magazi ake ndi chinsinsi chake.
3. Azivala magolovesi nthawi zonse pogwira magazi ndiponso asamabwezere chivindikiro pa singano ya jakisoni imene yagwira kale ntchito.
4. Akalasidwa ndi singano, atsuke pamalopo ndi madzi ndi sopo, anene nthawi yomweyo, ndipo ayambe mankhwala a PEP maola 72 asanathe. Mayi woyembekezera amaloledwa kumwa PEP.

Namwino amalangiza amayi ena tsiku ndi tsiku. Naye ndi munthu, afunika kulangizidwa ndi kulimbikitsidwa.

Kambiranani m'kalabu

- N'chifukwa chiyani atsikana ena amabisa mimba ku ntchito kapena ku sukulu?
- Kodi mnyamata amene wapereka mimba ali ndi udindo wotani?
- Konzani sewero lalifupi losonyeza namwinoyu akuuza mkulu wake za mimbayo.