Kudwala Mukangoyamba Ntchito pa Sitima ya Alendo: Mafunso ndi Mayankho

Kabukuka ndi ka inu amene mwangolembedwa ntchito pa sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo panyanja. Mafunso ambiri amene timalandira amachokera ku mantha amodzi: akuti munthu akaulula kuti akudwala, amubweza kwawo.

Ndizikagona kuti, nanga ndizikapuma?

Muzikagona m'kachipinda kakang'ono kumunsi kwa sitima, nthawi zambiri awiriawiri, mopanda zenera. Pangano la mayiko la Maritime Labour Convention la 2006 limati wogwira ntchito panyanja apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi 77 pa sabata. Tsiku lathunthu lopuma musaliyembekezere.

Chizungulire ndi nseru zidzatha?

Kwa ambiri zimatha pakapita masiku ochepa. Idyani pang'onopang'ono, imwani madzi, mukapeza mpata yang'anani patali pomwe nyanja yalekezera. Mankhwala ake aliko kuchipatala cha m'sitima, koma ena amagonetsa.

Ndikayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, ndipirire?

Ayi. Kupirira kumene tinazolowera kwathu kuno n'kumene kumaika anthu m'mavuto. Kachilombo ka norovirus kamafala msanga malo amene anthu zikwizikwi akudyera pamodzi ndi kugwira zitseko zomwezo. Imbirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo dziwitsani kapitawo wanu. Adzakubindikiritsani m'chipinda. Pa sitima zotsata malamulo a bungwe loona zaumoyo la CDC la ku United States, wogwira zakudya sabwerera kuntchito mpaka patadutsa maola 48 zizindikiro zitatha. Sanitaiza sathana nako bwino kachilomboka. Sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20.

Ndilipira zingati kuchipatala?

Pangano la Maritime Labour Convention lija limati chithandizo cha wogwira ntchito chikhale chaulere ali pa sitima. Komabe matenda amene munawabisa dala pokuyezani musanalembedwe ntchito, kampani ikhoza kukana kuwalipirira. Werengani kontrakiti yanu musanasaine.

Nanga malipiro a masiku amene ndagona?

Malipiro okhazikika amayenera kupitirira muli m'sitima. Ndalama zina, monga za ovataimu ndi zimene alendo amapereka pothokoza, zimatengera kampani, ndipo sitingakulonjezeni.

Thupi latentha patangopita sabata nditachoka kwathu. Ndi chimfine?

Mwina, poti chimfine chimagwira ambiri obwera kumene. Koma ngati mwachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, muuzeni dokotala zimenezo poyambirira. Malungo amatha kuonekera patapita masabata udzudzu utakulumani, ndipo dokotala amene ali pa nyanja ya Mediterranean sangawaganizire msanga mukapanda kunena.

Koma zoona sadzandichotsa ntchito ndikanena kuti ndikudwala?

Funsoli limabwera kawirikawiri. Matenda a masiku awiri kapena atatu si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Chimene makampani ambiri amalanga, nthawi zina mpaka kuchotsa ntchito, ndi kubisa kutsegula m'mimba n'kupitiriza kuperekera chakudya.

Akandibweza kwathu chifukwa cha matenda aakulu, zathera pomwepo?

Osati nthawi zonse. Ulendo wobwerera amalipira ndi mwini sitima. Udindo wake pa chithandizo ndi malipiro, malamulo a dziko limene sitimayo inalembetsedwa akhoza kuuikira malire, koma osachepera masabata 16. Kubwerera kuntchito kumadalira dokotala wovomerezeka kukupezani kuti mwachira. Musatsike sitima musanatenge makalata anu onse a kuchipatala.