Kulemba Chimangirizo pa Buku: Tiweruze Mlandu wa Long John Silver

Ophunzira ambiri akapatsidwa funso pa buku lomwe awerenga amayamba kusimba nkhani yonse kuchokera pa tsamba loyamba mpaka lotsiriza. Amadzaza masamba atatu kapena anayi, dzanja kuchita kuwawa, koma pepala likabwerako kwa aphunzitsi amapeza kuti malikisi ndi ochepa zedi. Apa ena amayamba kung'ung'udza kuti aphunzitsi ndi ouma mtima. Zoona zake n'zakuti aphunzitsiwo nkhaniyo akuidziwa kale. Chomwe akufuna kuona ndi maganizo anu pa nkhaniyo, ndiponso umboni wotsimikiza maganizowo.

Chimangirizo cha pa buku chili ngati mlandu wa pabwalo la amfumu. Munthu akaimirira pabwalo sayamba ndi mbiri ya mudzi wonse. Amanena chomwe wadzera, naitana mboni zake, kenaka n'kuonetsa akuluakulu momwe mawu a mbonizo akugwirizanira ndi dandaulo lake. M'phunziro lino titsata njira yomweyi pogwiritsa ntchito buku lotchuka la ana lotchedwa Treasure Island.

Za bukuli mwachidule

Bukuli adalemba ndi Robert Louis Stevenson, yemwe adabadwira mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland m'chaka cha 1850 ndipo adamwalira ku Samoa mu 1894. Nkhaniyi idayamba ndi mapu a chilumba chongopeka omwe adajambulidwa mu 1881 pomwe iye ankacheza ndi Lloyd Osbourne, mwana womupeza. Poyamba inkatuluka pang'onopang'ono m'magazini ya ana yotchedwa Young Folks mu 1881 ndi 1882, ndipo idasindikizidwa ngati buku mu 1883. Bukuli lili ndi magawo 6 ndi machaputala 34.

Mnyamata wina dzina lake Jim Hawkins, yemwe makolo ake adali ndi nyumba ya alendo yotchedwa Admiral Benbow ku England, adapeza mapu osonyeza pomwe Kaputeni Flint, mkulu wa achifwamba a panyanja, adakwirira chuma. Bwana Trelawney ndi Dokotala Livesey adakonza ulendo wokafuna chumacho pa chombo chotchedwa Hispaniola, kunyamukira ku Bristol. Tsoka lake n'lakuti ambiri mwa amalinyero omwe adalembedwa ntchito adali anthu a Flint, ndipo mtsogoleri wawo adali khukhi wa m'chombomo, bambo wa mwendo umodzi woyenda ndi chinkhwe paphewa, Long John Silver.

Mwaona kuti nkhani yonse yakwana m'ndime imodzi. M'chimangirizo chanu musapitirire apa pofotokoza zochitika. Malo otsalawo ndi a mlandu.

Choyamba, mvetsani funso

Tiyerekeze kuti funso likuti: "Long John Silver ndi munthu woipa kotheratu. Kodi mukuvomereza? Perekani zifukwa zochokera m'buku." Werengani funsoli kawiri ndipo mudule mzere kunsi kwa mawu ofunika. Pano liwu lomwe lasenza funso lonse ndi lakuti "kotheratu". Palibe amene akukana kuti Silver adachita zoipa. Chomwe mukufunsidwa n'chakuti kodi mwa iye mulibe kabwino ngakhale kamodzi? Wophunzira amene wangondandalika zoipa za Silver wayankha theka la funso basi.

Chachiwiri, sonkhanitsani mboni

Mboni zanu zili m'buku momwemo. Musadalire zomwe mnzanu wakuuzani kuchipinda chogona kapena manotsi obwereka, paja akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Tengani pepala, mulidule pakati ndi mzere. Mbali ina lembani zomutsutsa Silver, mbali inayo zomuikira kumbuyo, ndipo pa mfundo iliyonse muike nambala ya chaputala.

Kumbali yomutsutsa tikupeza izi. M'chaputala 8 Jim adaona wachifwamba wina, Black Dog, m'nyumba yomwera mowa ya Silver ku Bristol. Silver adadzionetsa ngati wadabwa ndi kukwiya, natuma anthu kuti amuthamangitse, mpaka Jim adakhulupirira kuti khukhiyu ndi munthu wolungama. M'chaputala 11 Jim adalowa mumgolo wa maapozi ndipo ali momwemo adamva Silver akukonza zolanda chombo ndi kupha eni ulendo chuma chikapezeka. M'chaputala 14 Silver adapha Tom, mmalinyero wokhulupirika yemwe adakana kulowa m'chiwembucho. Adamugenda kumsana ndi ndodo yake yoyendera, kenaka n'kumubaya ndi mpeni.

Kumbali yomuikira kumbuyo nakonso kuli zolemba. Silver ndi wolimba mtima, wanzeru ndiponso wansangala. Pomwe anzake ankamwaza ndalama zawo pa mowa, iye ankasunga zake. Ankagwira ntchito m'chombo mwaluso ngakhale adali ndi mwendo umodzi. Chachikulu pa zonse chili m'chaputala 28, pomwe Jim adagwa m'manja mwa achifwamba m'linga lija ndipo Silver adaletsa anzake kuti asamuphe.

Chachitatu, gamulani

Mboni zikatha kulankhula, mfumu siithawa pabwalo. Inunso muyenera kunena mbali yomwe mwaima. Ophunzira ena amaopa kugamula poganiza kuti pali yankho limodzi lokha lomwe aphunzitsi alibisa m'thumba. Sizili choncho. Wina angathe kunena kuti Silver ankamukondadi Jim, wina n'kunena kuti ankangomugwiritsa ntchito, ndipo onse awiri n'kukhoza bwino ngati aonetsa umboni. Amene amalephera ndi uja wolemba kuti Silver ndi wabwino komanso woipa, n'kulekera pomwepo osalongosola kuti ziwirizi zikukhalira limodzi bwanji mwa munthu mmodzi.

M'phunziro lino tigamula motere: Silver ali ndi mphatso zambiri zosiririka, koma ubwino uliwonse womwe amachitira munthu umakhala ndi phindu kwa iye mwini, ndipo n'chifukwa chake ndi woopsa kuposa achifwamba ena onse. Chigamulo chotere ndicho msana wa chimangirizo. Ndime iliyonse yomwe mulembe iyenera kulumikizana nacho.

Chachinayi, mangani ndime zanu

Chimangirizo chili ndi chiyambi, thunthu ndi mathero. M'chiyambi tchulani buku, mlembi wake ndi chigamulo chanu. Ziganizo zitatu kapena zinayi n'zokwanira. M'thunthu, ndime iliyonse isenze mfundo imodzi yokha, ndipo ikhale ndi zinthu zitatu: mfundoyo, umboni wake, ndi kutanthauzira kwanu. Chachitatuchi ndicho chimasowa m'zimangirizo zambiri, chonsecho malikisi ambiri agona pomwepo. Taonani ndime ziwiri izi.

Ndime yoyamba: "Jim adafuna kudya apozi ndiye adalowa mumgolo. Kenaka Silver adabwera n'kukhala pafupi ndi mgolowo. Adayamba kulankhula ndi Dick. Kenaka kudabwera Israel Hands. Kenaka munthu wina adafuula kuti waona mtunda. Kenaka Jim adatuluka n'kukauza Dokotala Livesey."

Ndime yachiwiri: "Chida chachikulu cha Silver ndi lilime lake. M'chaputala 11, Jim ali mumgolo wa maapozi, adamva Silver akunyengerera Dick, mmalinyero wachinyamata, pomuyamikira ndi mawu omwe aja adamuyamikira nawo iye ku Bristol. Izi zikuonetsa kuti mawu okomawo sadali ochokera mumtima. Silver amawasunga ngati nyambo, n'kumaponyera aliyense yemwe akufuna kumukola. Chidamuwawa Jim panthawiyi si mantha okha ayi, komanso manyazi pozindikira kuti chomwe ankachiyesa ubwenzi chidali msampha."

Zonse zomwe zili m'ndime yoyamba n'zoona, koma wolembayo sadatiuze kanthu za khalidwe la Silver. Liwu lakuti "kenaka" likachuluka m'chimangirizo chanu, dziwani kuti mwasiya kuweruza mlandu ndipo mwayamba kusimba nthano. Ndime yachiwiri yatenga kachinthu kamodzi kokha, nikafinya mpaka tanthauzo kutuluka. Mawu othandiza pa ntchito imeneyi ndi monga "izi zikuonetsa kuti", "apa mlembi akufuna tione kuti", ndi "chifukwa chake n'chakuti".

Chachisanu, mverani mbali inayo

Woweruza wabwino sabisa mboni yomwe ikutsutsana naye. Ngati mwagamula kuti Silver ndi wodzikonda, muyenera kukumana nacho chaputala 28 maso ndi maso. Kodi munthu wodzikonda angaike moyo wake pachiswe poteteza mwana? Bwererani m'buku. M'chaputala chomwecho Silver adauza Jim poyera kuti zinthu zamuipira, chombo chapita, ndipo adapangana naye kuti iye amuteteza kwa achifwamba, Jim naye adzamuchitire umboni kuti asakanyongedwe. Tsono chifundo chija chidali malonda.

Umboni wina uli m'machaputala 31 mpaka 33. Popita kokakumba chuma Silver adamanga Jim chingwe m'chiuno n'kumamukoka ngati mbuzi. Atayandikira pamalopo Jim adaona pankhope ya Silver kuti malonjezo onse aiwalika. Koma atapeza kuti dzenje lili pululu, popeza Ben Gunn adali atafukula kale chumacho, nthawi yomweyo Silver adapatsira Jim mfuti nayambanso kumulankhula mokoma. M'kanthawi kochepa munthu mmodzi wasintha mbali kawiri. Apa mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere ungakuthandizeni, koma kumbukirani kuti mwambi ndi ndiwo chabe. Nsima yake ndi umboni wa m'buku.

Njira ina yoonetsera khalidwe la mtengambali ndi kumuyerekeza ndi mnzake. M'chaputala 30 Jim adalonjeza Silver kuti sathawa akamalankhula ndi Dokotala Livesey. Dokotalayo adamuuza kuti alumphe mpanda athawe, koma Jim adakana chifukwa adali atapereka kale mawu ake. Mwana akusunga lonjezo kwa munthu yemwe sasunga lonjezo kwa wina aliyense. Mukaika awiriwa pamodzi m'ndime imodzi, kusiyana kwawo kumaonekera kokha.

Funsani: akusimba nkhaniyi ndani?

Wophunzira wofuna kuposa anzake aonjezere funso ili. Pafupifupi nkhani yonse tikuimva kuchokera kwa Jim, kupatula machaputala 16, 17 ndi 18 omwe akusimba ndi Dokotala Livesey. Choncho Silver tikumuona ndi maso a mnyamata yemwe bambo ake adamwalira kumayambiriro kwa nkhani, ndipo adakopeka ndi munthu wamkulu womulankhula ngati mnzake. Stevenson adachita dala kuti ifenso owerenga tikopeke monga adakopekera Jim. Iye mwini adavomera kuti mphamvu ndi nsangala za Silver adazitengera kwa bwenzi lake, mlakatuli W. E. Henley, yemwenso adadulidwa mwendo. Mfundo yotereyi mungathe kuitchula m'chiganizo chimodzi ngati ikuthandiza mlandu wanu. Musasandutse chimangirizo kukhala mbiri ya mlembi.

Mathero a chimangirizo

M'mathero musabweretse mboni yatsopano. Bwererani ku liwu lija mudalidula mzere, n'kuliyankha mosapita m'mbali. Mungathe kunena kuti Silver si woipa kotheratu ngati tikuyang'ana mphatso zake, koma mphatsozo adazipereka zonse ku dyera. Mungathenso kukumbutsa owerenga kuti m'chaputala chotsiriza Silver sadalangidwe. Adathawa ndi thumba la ndalama chombo chitaima padoko lina, ndipo mwa anthu onse omwe adanyamuka ku Bristol asanu okha ndiwo adabwerera nacho chombocho. Mlembi adasiya mlanduwo m'manja mwa owerenga, ndiye chifukwa chake aphunzitsi angathe kukufunsani inu kuti muugamule.

Musanapereke pepala lanu, liwerengeninso. Onani ngati mayina a atengambali mwawalemba molondola, ndipo musasokoneze Kaputeni Flint wachifwamba ndi chinkhwe cha Silver chomwe chili ndi dzina lomwelo. Ngati mwatenga mawu enieni a m'buku, akhale ochepa, olondola, ndiponso otsekeredwa m'zizindikiro za mawu a mwini. Pa ndime iliyonse dzifunseni kuti, kodi imeneyi ikuthandiza chigamulo changa? Ngati siikuthandiza, ichotseni ngakhale ikhale yokoma chotani.

Njirayi ndi imodzimodzi kaya mukulemba m'Chingerezi kapena m'Chichewa, kaya buku lake ndi Treasure Island, Nthondo la Samuel Josiah Ntara kapena Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe. Ndipo phindu lake silithera m'chipinda cha mayeso. Anthu a lilime lozuna ngati Silver mudzakumana nawo m'moyo, ena akukulonjezani ntchito, ena chuma chapafupi, ena ubwenzi. Mnyamata amene adazolowera kufunsa kuti "umboni wake uli pati?" sakoleka msanga.

Ntchito yoti muchite

Sankhani funso limodzi mwa awa ndipo mulembe chimangirizo cha ndime zisanu. Musanayambe, lembani chigamulo chanu m'chiganizo chimodzi ndi kuchionetsa kwa mnzanu kuti ayese kuchitsutsa.

1. Jim adachoka kawiri popanda chilolezo, koyamba m'chombo ndipo kachiwiri m'linga, koma maulendo onse awiri adathandiza kupulumutsa anzake. Kodi tinene kuti ndi wolimba mtima kapena wosamvera?

2. Bwana Trelawney ndi anzake adapita kukatenga chuma chomwe Flint adalanda anthu ena. Kodi akusiyana bwanji ndi achifwamba?

3. Ben Gunn adakhala yekha pachilumba zaka zitatu, koma atabwerera kwawo adamwaza gawo lake la chuma m'masabata osakwana atatu. Kodi mlembi akutiuza chiyani za chuma kudzera mwa iye?